Nkhope Yanga pa Malaya a Maliro

Ndinaganiza zochoka kwathu tsiku lomwe ndinakwera pankhokwe ndi dengu n'kutsikapo ndi zitsononkho zokhazokha, mvula isanayambe n'komwe. Kwathu ndi kumapiri a kwa Msakambewa, mbali yoyang'ana ku Ntchisi, kumene minda ndi yopendekeka moti ukagwetsa dzungu umakalitola kudambo. Chaka chimenecho tinalima popanda feteleza. Bambo a mwana wanga anali atakakwatira kwina, ndipo mwanayo, Tadala, anali ndi zaka zitatu, msinkhu wofunsa chilichonse.

Amayi ndi amene anamva kutchalitchi kuti kuli bambo wina wochokera ku Ntchisi, a Zefaniya, amene ali ndi shopu yolemba zikwangwani ndi kudinda malaya ku Mzuzu, ndipo akufuna mtsikana wantchito wosalongolola.

"Ngati akufuna wosayankhula ndiye apeza," anatero amayi. "Uyu ngakhale munthu amuponde phazi, wopepesa amakhala iyeyo."

Sananame. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo chomwe ndinkaopa kwambiri sichinali masamu koma kuimirira pamaso pa anzanga. Ndinanyamuka m'mawa Tadala atapita kumjigo ndi akulu anga a Rute. Tinachita dala kuti asandione ndikupita.

Ku Mzuzu kunandilandira ndi kuzizira ndi kamvula kowaza kosaleka. Shopu ya a Zefaniya inali chipinda chimodzi chachitali kuseri kwa msika, chonunkha penti ndi palafini. Ine ndinkagona kumapeto kwake, kuseri kwa katani. Pamwamba pa chitseko analemba ndi dzanja lawo mawu ofiira akuti: NSALU IDZATHA, PENTI WANGA ADZATSALA. Ndinawawerenga pang'onopang'ono tsiku lofika, ndipo ndinaganiza kuti ndi matama chabe a anthu a m'tauni.

Ntchito yanga inali kutsuka masefa. Sefa ndi nsalu yopyapyala kwambiri yokokedwa pa feremu ya matabwa. Malo ena amatsekedwa ndi mankhwala, ena amasiyidwa. Ukaika sefa pa malaya, kuthira penti n'kukoka ndi labala, pentiyo amadutsa posatsekedwa pokha, mawu n'kutsala pa malayapo. Ukachedwa kutsuka, penti amauma n'kupha sefa. Choncho manja anga ankakhala m'madzi ozizira kuyambira m'mawa, ndipo zikhadabo zanga zinasintha mtundu malinga ndi ntchito ya sabata imeneyo.

A Zefaniya ankakonda kukamba mbiri ya shopu yawo manja ali pa labala, ndipo poti ine sindinkawadula mawu, ndinaimva yonse mobwerezabwereza. Anayamba ine ndisanabadwe, ndi burashi, zitini zitatu ndi njinga. Ankalemba pa makoma a magolosale, kujambula mitu ya anthu pa malo ometera, ndi kulemba miyambi kumbuyo kwa malole. Kenako anayamba kupempha mapulasitiki akuda aja ojambulapo mafupa kuchipatala, n'kumaboolapo zilembo ndi lezala kuti azidindira mabaji a yunifolomu za sukulu. Ankati baji yawo yoyamba anaiboola pa nthiti za munthu wosamudziwa. Sefa anaiphunzira pambuyo pake, ndipo nthawi za kampeni ndi zomwe zinawakweza. Ankadindira chipani chilichonse, wachikasu m'mawa, wobiriwira madzulo. Anamanga nyumba ya malata, n'kugula pikapu.

"Ndinali ndi anyamata asanu pano, Felesiya," ankatero. "Asanu! Lero ndatsala ndi iwe, komanso mayi akowa amene amagwira ntchito ndi pakamwa."

"Pakamwa pomwepa ndi pamene pamakutolerani ndalama kwa makasitomala, bambo inu," ankayankha akazi awo, a NyaKaunda, osadzutsa mutu.

Pamene ine ndimafika, ntchito zikuluzikulu zinali zitayamba kale kupita ku Lilongwe ndi kunja. Pikapu anali atagulitsa. Tinkadalira malaya a makwaya, matimu a mpira a m'makwalala, ndi mabaji. Malipiro anga anali ochepa, koma ndinkadya pa shopu pomwepo, ndipo otsala ndinkatumiza pa foni ya a Rute. Yangayanga inagwera m'beseni lotsukira mwezi wachiwiri, kotero Loweruka lililonse a Zefaniya ankandibwereka yawo. Tadala ankaigwira n'kumangopumiramo, kenako n'kunena kuti, "Amayi, mubwere ndi bisiketi." Mawu amenewo ndinkakhala nawo sabata yathunthu. Lamlungu ndiye linkandivuta. Kutchalitchi ankapemphera m'Chitumbuka, ine n'kukhala benchi yakumbuyo, n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Masana onse ndinkangokhala kuseri kwa katani kuja, kumvetsera mvula pa malata.

Chaka chachiwiri a Zefaniya anabwera ndi nzeru yatsopano. Anthu a m'tauni anali atayamba kuvala malaya okhala ndi nkhope ya malemu pa maliro ndi pa chiliza. Mnzawo wina wa kompyuta anawaonetsa mmene chithunzi chimasandukira timadontho takuda pa pulasitiki yoyera. Pulasitikiyo umaiika pa sefa yopakidwa mankhwala, kuyanika padzuwa kanthawi, n'kutsuka ndi madzi, nkhope n'kutuluka. Chinatsala ndi malaya achitsanzo opachika pawindo. Anayamba adinda nkhope ya mayi wina wa m'magazini, koma anthu ankati agula kunja, si dzanja lawo.

"Pakufunika nkhope yomwe ili mommuno," anatero a Zefaniya. "Munthu aone malaya, atembenuke aone mwini nkhope, adziwe kuti sefa yanga sinama. Mayi, tikujambuleni."

"Ine? Mukufuna ndife msanga kuti mukatenge kamtsikana ka kukwaya kaja?" anatero a NyaKaunda. "Ikanipo yanuyo. Yayamba kale kuoneka ngati ya malemu."

"Nanga ndani angabweretse ntchito kwa munthu wakufa?"

Anaseka onse awiri, kenako kuseka kunatha, ndipo ndinamva maso awo ali pamsana panga.

"Felesiya, mwana wanga, ndi chithunzi chabe," anatero a Zefaniya. "Dzina sitilembapo."

Ndinayang'ana pansi. Kwathu mwana akayang'ana pansi akulu amadziwa kuti mtima wakana. Iwo anaona ngati ndavomera.

Sefa imeneyo ndinatsuka ndine. Ndinathira madzi, mankhwala n'kumasungunuka, ndipo ndinaona maso anga akutuluka, kenako mphuno, kenako duku langa. Sindinakhalepo ndi chithunzi chachikulu chotero chibadwire. Pansi pake anadinda kuti: MAYI WATHU WOKONDEDWA, USANI MUMTENDERE. Malayawo anawapachika pawindo, kuyang'ana kumsewu.

Nzeru yawo inagwira. Anthu ankaima, kuyang'ana malaya, kusuzumira mkati n'kundipeza ndawerama pabeseni. Ena ankaseka, ena ankagwira pakamwa. Mayi wina anandifunsa kuti, "Iwe, suopa?" koma anasiyabe chithunzi cha amuna ake kuti tidinde. Shopu inadzukanso. A Zefaniya anandiwonjezera malipiro osawapempha, ndipo ndinatumiza nsapato za Tadala ndi thumba la feteleza. Ndinadziuza kuti Mzuzu ndi kutali, akwathu sadzaona.

Zomwe zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake kwa a Rute. A Biliati, oyandikana nafe nyumba, anali atamaliza utenanti wa fodya ku Rumphi, ndipo pobwerera anatsikira ku Mzuzu Lamlungu. Pofuna chakudya kuseri kwa msika anakumana ndi nkhope yanga pawindo, shopu ili yotseka. Anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi, ndipo mayiyo anangoti, "Amenewo ndi malaya a maliro." A Biliati anajambula ndi foni yawo n'kuimbira malume, monga mwambo ulili, kuti uthenga wotere usagwere amayi mwadzidzidzi. Malume anaimba nambala ya pachikwangwani mpaka kutopa. A Zefaniya anali mkulu wa mpingo, Lamlungu foni ankazimitsa. Kumudzi anati abwana akubisa maliro.

Anandilira. Anthu anasonkhana pakhomo pa amayi, amvano anaimba mpaka kucha, malume anagulitsa mbuzi kuti apeze yokatengera mtembo. M'mawa mwake Tadala ankangofunsa kuti anthu akulirira chiyani. A Biliati anali atafika, ndipo akuluakulu anaona kuti ndi bwino mwana auzidwe. Anamuonetsa chithunzi chija, kenako malume anamunyamula n'kumuika pamiyendo pa a Rute, pamaso pa anthu onse.

"Amako apita," anamuuza. "Kuyambira lero amako ndi awa."

A Rute anaika ana awiri m'manda ali makhanda, ndipo analibe wina. Akuti anamukumbatira Tadala mpaka mwanayo anadandaula kuti akumupweteka.

Nthawi yomweyo ine ndinali pabeseni, osadziwa kanthu. A Zefaniya anayatsa foni, inalira, anamvetsera, kenako anatembenukira kwa ine.

"Felesiya, bwera. Akuti wamwalira."

Anali malume. "Ndikuyankhula ndi yani?"

"Ndine, malume."

Kumbuyo kwawo ndinkamva nyimbo ya maliro. Inayamba kuduka, mawu amodziamodzi, mpaka zii. Kenako anabwera amayi, mawu atasasa.

"Ngati ndiwedi, nena chomwe unaswa pa ukwati wa Rute."

"Mtsuko wa thobwa, amayi."

Ndinkayembekeza kuti aseka kapena afuula. Anangopuma. "Nanga unalola bwanji, mwana iwe? Takulira. Takulira ndithu mpaka mawu atha. Bwera anthu akuone."

A Zefaniya anagwetsa misozi tsiku limenelo, ndipo sinali yachinyengo. Anatsitsa malaya aja okha. Koma patapita masiku makasitomala anayamba kudutsa osaima, ndipo a NyaKaunda anawapachikanso. "Akwanu adziwa kale kuti uli moyo," anatero. "Chatsala n'chiyani?" Ndinapempha kupita kwathu. Anati timalize kaye malaya a chiliza china. Ndalama yomwe ndikanakwerera basi inapita kukabwezera mbuzi ya malume. Kenako penti anakwera mtengo, n'kuyamba kusowa, ndipo malipiro anga anayamba kubwera mwapang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime cha m'chilimwe. Loweruka ndinkaimbabe, koma Tadala anasiya kubwera pa foni.

"Akukana," ankatero a Rute. "Akuti mufonimo muli mzukwa. Musiye, aiwala."

Chomwe chinamaliza shopu ndi anyamata ena omwe anatsegula yawo tsidya la msewu, ndi makina ochokera ku Tanzania. Iwo ankamata chithunzi chenicheni cha mitundu yonse, tsiku lomwelo, munthu akudikira. A Zefaniya ankaima pakhomo n'kumauza aliyense kuti zimenezo zimasuluka ukangochapa kawiri. Bambo wina anawayankha kuti, "Madala, malaya a maliro timavala tsiku limodzi. Penti wosatha ndi wa chiyani?" A Zefaniya analowa n'kukhala pa chitini. Miyezi yotsatira anagulitsa tebulo lodindira, kenako mafelemu anapita kwa mayi wina wokazinga tchipisi kuti akhale nkhuni. Tsiku lomwe mwini nyumba anabwera ndi loko wake, a Zefaniya anatulutsa njinga yakale ija, kumangirira zitini zitatu ndi burashi. Anandipatsa ya basi ndi malaya a pawindo aja, atakulungidwa m'kapepala ka pulasitiki.

"Tenga, ndi nkhope yako. Ine ndilibe poipachika."

Ndinatsikira ku Mponela n'kukwera njinga yamoto kulowera kumapiri. Kunali kutakololedwa, utsi wa lupsa uli m'zigwa. Njira yonse ndinkaganiza mmene Tadala adzathamangire. Mabisiketi ndinali nawo.

Amayi anandilandira pakhonde. Sanandikumbatire msanga. Anandigwira mikono yonse iwiri, kuisisita, kuitsina pang'ono. "Ukufunda," anatero, ndipo apo mpamene analira. Anthu ena anabwera kudzandilonjera, koma ambiri ankaima chapatali, osapereka dzanja. Mayi wina wamvano, pofuna kundisangalatsa, anandiuza kuti maliro anga anali abwino kwambiri, kunabwera anthu mpaka a kutsidya kwa mtsinje.

Sindinachedwe kumva zomwe zinkanenedwa. Anthu anali atamva kuti shopu inayamba kuyenda bwino nkhope yanga itangopachikidwa. Ndiye anati a Zefaniya anakhwima, anandisandutsa ndondocha, anthu aja amati amatengedwa m'matsenga kuti azigwirira ntchito olemera, atawadula lilime kuti asaulule. Anati nditatha ntchito andibweza. Akanakhala munthu wina akanapita pamjigo n'kulalata mpaka onse kuchita manyazi. Ine ndi uja wopepesa akandiponda. Amayi a pamjigo amandifunsa mafunso opanda pake kuti angomva mawu anga, ine n'kuyankha motsitsa monga ndimachitira chibadwire, iwo n'kuyang'anana. Anthu omwe anandiona ndikukula wamanyazi aiwala kuti ndinali wotero.

Tadala anabwera naye a Rute madzulo a tsiku lofika. Anali atatalika, mano akutsogolo atachoka, atavala nsapato zomwe ndinatumiza. Anagwada patali pang'ono n'kundipatsa dzanja, lina litagwira pachigongono, monga timachitira ndi alendo. Mabisiketi analandira, kuthokoza, n'kukawapereka kwa a Rute.

Patapita masiku anandipeza ndekha ndikusola chimanga kuseri kwa nyumba. Anaima nthawi yaitali akundiyang'ana.

"Tatulutsani lilime."

Ndinaika chitsononkho pansi. Ndinatulutsa lilime kwa mwana yemwe ndinabereka ndekha. Anayandikira, kuliyang'ana bwinobwino, mbali iyi ndi iyo.

"Lilipo," anatero.

"Lilipo, Tada. Ndine amako."

Anapukusa mutu, osati mwamwano. "Amayi anga anafa. Ndinawaona pa foni ya a Biliati. Ndinalira kale." Anaganiza pang'ono. "Koma inu mumafanana nawo."

Ndinapita kwa malume kukapempha kuti aitanenso anthu, amunyamule mwanayo pamaso pawo n'kumuika pamiyendo panga, monga anachitira pomupereka. Ndinakonzekera mawu amenewo usiku wonse ndipo ndinawanena onse. Malume anakanda m'mutu.

"Mphwanga, mwambo wopereka mwana wamasiye ndimaudziwa. Wobweza sindinauonepo, ngakhale kwa makolo. Ndikaitana anthu ndidzati tasonkhaniranji? Usamukoke mwanayo. Azolowera yekha."

A Rute nawo sanandikanize. "Mtenge, ndi wako," anatero, maso ali kumbali. "Akafuna." Usiku womwe tinayesa, Tadala analira mpaka kusanza, ndipo ndinamubereka ndekha kumubwezera kwa a Rute. Aka kanali koyamba kumubereka chibwerere, ndipo kumbuyo kwangako anali wouma ngati mtolo wa nkhuni.

Malaya aja ndinawabisa pansi pa chikwama. Tsiku lina amayi ankafuna sopo, anakhuthula chikwamacho Tadala ali pomwepo. Mwanayo anawatola, kuwatambasula, ndipo nkhope yake inawala mmene sinawalirepo poyang'ana ine.

"Awa ndiye amayi anga!"

Amayi anafuna kuwaponya pamoto, koma dzanja linawalemera. Ndani angatenthe nkhope ya mwana wake ali moyo? Tadala anawavala pomwepo, anamufika m'mawondo. Kuyambira tsiku limenelo amagona nawo. A Rute akuti mwanayo amawauza malayawo nkhani, za kusukulu, za mwana yemwe anamumenya, za dzino lomwe likumera. Ine amandipatsa moni m'mawa uliwonse, mogwada. Amanditcha a ku Mzuzu.

Ndili kuja ndinkaganiza kuti kwathu ndi malo omwe amakusungira mpata wako, ngati mphasa yopindidwa pakona. Ndapeza kuti kwathu anandikonda kwambiri, ndipo chikondicho anachithera usiku umodzi uja. Analira moona, anagawa zomwe zinafunika kugawidwa, bala linapola. Palibe amene anandilakwira dala, ndiye ndilibe womukwiyira. Khasu langa lili ndi a Rute, ndipo ndimabwereka la amayi.

Ntchito imodzi yokha ndi yomwe Tadala amandilola kumugwirira. Malayawo akada amabwera nawo kwa ine, chifukwa anamva kuti ku Mzuzu ndinkagwira ntchito yotsuka. "Muwachape bwino, musawapweteke," amatero. Ndimapita nawo kumtsinje ndekha, kumunsi komwe kulibe anthu. Ndimapaka sopo pankhope pomwepo, kutikita ndi mchenga, kumenyetsa pamwala mpaka mapewa kuwawa. Ndimaganiza kuti nkhopeyo ikadzafufutika, mwina adzatembenuka kufunafuna kwina komwe anaiona. Kolala yayamba kale kunyenyeka, ndipo m'khwapa mwabooka. Koma ndikawatukula m'madzi, mayi uja amandiyang'anabe ndi duku lake, wakuda bii ngati wadindidwa dzulo. A Zefaniya sankanama.